Zomatira Mano Sizikupha Anthu

Ndatopa kumva nkhani yakalekale yoti zomatira mano zotuwa zija zimathira m'thupi poizoni wa mercury, chitsulo chamadzimadzi. Zoona, pafupifupi theka lake ndi mercury, koma amasakaniza ndi siliva, tini ndi kopa n'kulimba gwa. Madokotala azigwiritsa ntchito zaka zoposa 150, ndipo kampweya ka mercury kamene zimatulutsa n'kochepa kwambiri moti anthu ambiri sikawavulaza. Amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi odwala impso ndiwo amalangizidwa kumatitsa ndi zina.

Musakagomoletse chomatira chabwinobwino. Pochiboola ndi pamene mpweyawo umachuluka, dzino n'kuperewerako.

Mukakayika, funsani dokotala wa mano, kapena kayezetseni mkodzo kuti aone kuchuluka kwa mercury m'thupi. Uthenga wosatchula kumene wachokera, chonde musautumize kwa ena.