Nyenyezi ikapanda kuzima, musafufute vidiyoyo

"Sindinaone kanthu, ndiye ndafufuta." Mawu amenewa anditopetsa. Wowanenayo amakhala kuti amajambula nyenyezi poyembekezera kuti chinthu cha mumlengalenga chiiphimba, ndipo amakhala atataya vidiyo imene sangaijambulenso.

Zinthu zamadzi oundana za kuseri kwa pulaneti ya Neptune, monga Quaoar, Haumea ndi Eris, zimangooneka ngati kadontho ngakhale pa telesikopu yaikulu. Chimene timayeza ndi mthunzi wake. Chinthucho chikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, mthunziwo umathamanga padziko pa liwiro la makilomita pafupifupi 20 pa sekondi. Nyenyezi ikakuzimirani masekondi 30, ndiye kuti mwayeza mzere wa makilomita 600 wodutsa m'chinthucho. Mizere ya anthu okhala motalikirana ikaikidwa pamodzi, kukula ndi maonekedwe zimadziwika. Umu ndi mmene Eris anayezedwera mu 2010, n'kupezeka kuti ndi makilomita pafupifupi 2,326 m'mimba mwake.

Tsono amene nyenyezi sinamuzimire ndiye amaika malire. Vidiyo yake imanena kuti m'mphepete mwa chinthucho simunafike pamalo pake. Popanda iyeyo, mizere iwiri kapena itatu ikhoza kukwanira m'maonekedwe ambirimbiri osiyana.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mphete, timikombero ta zidutswa tozungulira zinthu zotere. Mphete za Chariklo, chinthu china chaching'ono chozungulira dzuwa, zinapezeka pa 3 June 2013 chifukwa nyenyezi inaphethira pang'ono chinthucho chisanafike, n'kuphethiranso chitadutsa. Ya Haumea inapezeka chimodzimodzi mu January 2017. Ya Quaoar, imene inalengezedwa mu 2023, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 4,100 kuchokera pakati pake, kutali moti malinga ndi zimene tinkadziwa, zidutswa zake zikanayenera kugwirana n'kukhala mwezi. Werengani nokha: pa liwiro lija, mphete yotere imadutsa kutatsala mphindi pafupifupi zitatu ndi theka kuti pakati pa mthunzi pafike. Munthu amene amayatsa kamera kutatsala mphindi imodzi, n'kuizimitsa nyenyezi ikangobwerera, sangaigwire. Ndipo amene ali kunja kwa mthunzi wa chinthucho akhoza kukhala mkati mwa mthunzi wa mphete. Uyo wafufuta uja mwina anali nayo. Jambulani mphindi zosachepera zisanu mbali iliyonse, osagwedeza telesikopu, osasintha chilichonse pa kamera.

Wotchi ya kompyuta musaikhulupirire, ngakhale yolumikizidwa ku intaneti. Kuphonya sekondi imodzi n'kusuntha mzere wanu makilomita 20. Arrokoth, wa kuseri kwa Neptune nayenso, amene magulu a chombo cha mumlengalenga cha New Horizons anagwira mthunzi wake ku Argentina pa 17 July 2017, ndi wotalika makilomita pafupifupi 36 basi. Wotchi yotere ingaononge zonse. Nthawi ichokere ku GPS ndipo idindidwe pa chithunzi chilichonse. Nyenyezi ikakhala yosawala mudzafuna kuti chithunzi chilichonse chitenge nthawi yaitali, koma dziwani kuti theka la sekondi ndi makilomita 10 osadziwika bwino. Samalaninso ndi makamera amene amapuma pakati pa zithunzi, chifukwa mphete yopyapyala imatha kugwera pamenepo. Sungani mu fayilo ya mtundu wa SER kapena FITS, osati MP4, imene imafinya kuwala. M'chithunzimo mukhale nyenyezi ina yoyerekezera: zikazima zonse, umenewo ndi mtambo.

Musadikire usiku womwewo kuti mufufuze nyenyeziyo. Ipezeni usiku wadzulo lake, pa ola lomwelo, muifananitse ndi mapu. Anthu ambiri amajambula bwinobwino nyenyezi yolakwika. Nthawi zolosera zimalembedwa mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndipo zikayandikira pakati pa usiku n'kosavuta kuphonya tsiku lathunthu.

Chenjerani ndi amene amati anaona ndi maso n'kuwerenga masekondi pamtima, kapena amene amakankha nthawi zawo kuti zigwirizane ndi zoloseredwa. Zimenezo si kuyeza ayi. Mzere umodzi wabodza umapotoza ntchito ya onse amene anachezera usiku umenewo. Ngati wotchi inakuvutani, nenani choncho mu lipoti.

Lipotilo tumizani msanga ku IOTA kapena ku Lucky Star, magulu osonkhanitsa miyezo yotere, pamodzi ndi malo enieni amene munali malinga ndi GPS, kukula kwa telesikopu ndi mtundu wa kamera. Pakapita milungu mudzakhala mutaiwala mmene munatcherera zipangizo, ndipo owerengera adzakhala atamaliza popanda mzere wanu.