Kumene kunachokera lamulo la kufa kamodzi m'masewera a m'mapanga

Pakati pa achinyamata a mu Lusaka amene amasewera Shattered Pixel Dungeon pa foni pali mkangano wosatha. Munthu amatsika m'mapanga, kumenyana ndi zilombo, kutola malupanga ndi mabotolo a mankhwala, koma akangophedwa zonse zimatayika ndipo amayambiranso pamwamba. Ena amati imeneyi ndi nkhanza, makamaka kwa munthu amene wadikira magetsi tsiku lonse kuti atchaje foni. Ena amati popanda lamuloli masewerawa sangakome. Mkanganowu ndi wakale kuposa onse amene akukanganawo.

Gwero lake ndi Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Pofika 1975 ophunzira anali atayamba kulemba masewera otengera amenewa pa makompyuta a PLATO a ku yunivesite ya Illinois. Apa mbiri ili ndi mipata, chifukwa oyang'anira makinawo ankafufuta masewera poona kuti akuwononga nthawi ya maphunziro. Ambiri amatchula pedit5 ya Rusty Rutherford ngati yoyamba mwa amene anapulumuka, koma palinso ina yotchedwa m199h imene inatayika, ndipo zimene zimanenedwa za iyo zimachokera m'zokumbukira za anthu basi.

Pamene zinthu zinatembenukira ndi mu 1980, pomwe Michael Toy ndi Glenn Wichman, ophunzira a ku Santa Cruz m'chigawo cha California, analemba Rogue, ndipo Ken Arnold wa ku Berkeley anadzathandiza pambuyo pake. Munalibe zithunzi. Wosewera anali chizindikiro cha @, zilombo zinali zilembo kuyambira A mpaka Z, ndipo cholinga chinali kutsika mpaka nsanjika ya 26 kukatenga chithumwa chotchedwa Amulet of Yendor ndi kubwerera nacho pamwamba. Toy ndi Wichman ankafuna masewera oti iwo eni aziwadabwitsa, motero kompyuta inkamanga zipinda ndi tinjira mwatsopano nthawi iliyonse. Ngakhale mankhwala ankasinthasintha: botolo la mtundu umene unachiritsa dzulo likhoza kukhala poizoni lero, ndipo wosewera ankadziwa pokhapokha atamwa kapena atapeza mpukutu wolizindikiritsa. Zilombo sizinkasuntha mpaka iye atasuntha, choncho anali ndi mpata woganiza.

Malinga ndi mmene Wichman wakhala akufotokozera, iwo anaika njira yosungira masewera kuti munthu athe kupuma n'kudzapitiriza, koma anaona osewera akubwerera mobwerezabwereza pamene anasungira mpaka mwayi uwakomere. Ndiye anakonza kuti zosungidwazo zizifufutika munthu akangopitiriza kuchokera pamene anasungirapo. Umboniwu ndi wa mwini wake, wonenedwa patapita zaka zambiri, ndipo munthu amatha kukometsa za unyamata wake. Komabe ukugwirizana ndi mmene masewerawo anapangidwira. Kumwa botolo losadziwika kumakhala nkhani yaikulu pokhapokha ngati kumwako sikungabwezedwe. Rogue inafalikira m'mayunivesite pamodzi ndi BSD Unix, pulogalamu yoyendetsa makompyuta, ndipo kuchokera mumzera wake munabadwa masewera a NetHack mu 1987. Ndi zoona kuti Beneath Apple Manor ya Don Worth inali kale ndi mapanga osinthasintha mu 1978, koma dzina limene linakhazikika pa mtundu wonsewu ndi la Rogue.

Mbali ya okana lamulo la kufa kamodzi nayonso ili ndi mbiri yake. David Brevik anakonza Diablo kuti ikhale ya kusuntha mosinthana ndiponso ya kufa kamodzi, koma a kampani ya Blizzard, imene inatulutsa masewerawa, anafuna nkhondo yothamanga, ndipo pamene inkatuluka cha kumayambiriro kwa 1997 malamulo onse awiri anali atasiyidwa. Inagulidwa kwambiri. Komabe Diablo II ya mu 2000 inabwezeretsa kufa kamodzi ngati chosankha kwa ofuna, zomwe zikusonyeza kuti ludzu lake linali lisanathe. Mu 2008 okonza masewera anakumana ku Berlin n'kulemba mfundo zozindikirira mtunduwu, ndipo kufa kamodzi anakuika pakati pa zofunika kwambiri, ngakhale ambiri anakana kuti gulu laling'ono ligamulire onse. Hades ya mu 2020 inayenda pakati: ukafa umabwerera poyambira, koma mphamvu zina umatsala nazo.

Shattered Pixel Dungeon, imene Evan Debenham anayamba mu 2014 pomanga pa Pixel Dungeon ya Watabou, inasunga lamulo lakalelo. Odandaula za batire ali ndi mfundo, koma masewerawa amasunga pamene munthu wafika, sasowa intaneti, ndipo chilombo sichisuntha iye asanasunthe. Wosewera wa ku Chilenje kapena ku Matero nthawi zambiri amaphedwa chifukwa analowa m'chipinda mothamanga, m'thumba muli mipukutu imene sanaiwerenge.