Otsatira ambiri pa YouTube si malipiro

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akukhulupirira kuti amene ali ndi omutsatira ambiri pa YouTube amalandira malipiro mwezi ndi mwezi ngati wapantchito. Sizili choncho, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona achinyamata akusiya ntchito chifukwa cha maganizo amenewa.

Otsatira 1,000 amangokutsegulirani khomo loti muyambe kupeza ndalama, ndipo pafunikanso kuti mavidiyo anu aoneredwe maola 4,000 m'miyezi 12. Ndalama zenizeni zimachokera kwa otsatsa malonda. Pa mavidiyo aatali, YouTube imapatsa mwini vidiyoyo 55 peresenti ya zomwe otsatsawo alipira, yotsalayo n'kutenga.

Tsono otsatsa salipira mofanana. Oonera a ku America kapena ku Britain amabweretsa zambiri kuposa a m'mayiko momwe makampani otsatsa ndi ochepa. Nkhani zake nazonso zili ndi mbali: vidiyo yofotokoza za inshuwalansi kapena ngongole imakopa otsatsa olipira bwino kuposa ya nthabwala, ngakhale yanthabwalayo itaoneredwa kwambiri. Mu Disembala ndalama zimakwera, mu Januwale n'kutsika.

Ndipo Google, kampani yomwe ndi mwini wa YouTube, situmiza kalikonse mpaka ndalama zanu zitakwana madola 100.