Springfield, tauni ya mapu osakhazikika

Anthu oonera makatuni a The Simpsons akhala akukangana kwa zaka zoposa 30 kuti tauni ya Springfield, kwawo kwa Homer Simpson ndi banja lake, ili m'chigawo chiti cha dziko la America. Pulogalamuyi inayamba kuoneka payokha pa kanema wa Fox pa 17 Disembala 1989, ndipo kufikira lero olemba ake amazemba funsoli. Kwa ife olemba masewero kuzembako n'kodziwika kuti n'kwa dala, ndipo ndi kumene kwathandiza kuti nkhani zisawathere.

Woyambitsa makatuniwa, Matt Groening, anakulira mumzinda wa Portland m'chigawo cha Oregon. Mu 2012 anauza magazini ya Smithsonian kuti dzinali analitenga ku tauni ya Springfield ya ku Oregon komweko, ndipo chinamukoka n'chakuti dzinali ndi lofala kwambiri m'dzikomo. Kuli Springfield ya ku Illinois, likulu la chigawocho, kumene Abraham Lincoln ankakhala asanakhale pulezidenti. Kuli ya ku Massachusetts, kumene mpira wa basketball unayambira mu 1891. Ku Missouri ilikonso, ku Ohio chimodzimodzi. Choncho woonera aliyense akhoza kuganiza kuti akunena ya kwawo. Nyuzipepala zambiri zinathamangira kulemba kuti chinsinsi chaululika, koma Groening anangonena kumene kunachokera dzina. Mwana mukamupatsa dzina la agogo ake sasanduka agogowo ayi. Zina zimene anatola ku Portland ndi mayina a misewu: Flanders, Lovejoy ndi Quimby anasanduka mayina a anthu, pomwe Evergreen Terrace, msewu umene anakulira, ndi kumene kuli nyumba nambala 742 ya banja la Simpson.

Olembawo amachita kuseka nalo funsoli. Mufilimu yawo ya mu 2007, Ned Flanders, mnansi wa banja la Simpson, akwera phiri ndi Bart, mwana wa Homer, n'kumulozera zigawo zinayi zomwe akuti zinachita malire ndi Springfield: Ohio, Nevada, Maine ndi Kentucky. Kwa Mmereka nthabwalayi imamveka pomwepo. Maine ili kumapeto kwenikweni kumpoto chakum'mawa, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, ndipo inachita malire ndi chigawo chimodzi chokha, New Hampshire. Nevada ili kutali kumadzulo, moyandikana ndi California. Palibe malo amene angakhudze zinayi zonsezi. Chaka chomwecho matauni 14 otchedwa Springfield anapikisana kuti filimuyo iyambire kuonetsedwa kwawo, ndipo katauni kakang'ono ka ku Vermont n'kamene kanapambana.

Chifukwa chenicheni chobisira malowa chili pa ntchito ya wolemba. Ukanena kuti tauni yako ili pakatipakati pa dziko, wadzimanga: sungalembenso nkhani ya asodzi a panyanja yamchere. Springfield ilibe chingwe chotere. Sabata ino ili ndi doko ndi gombe, sabata yamawa anthu ake akuyenda pang'ono n'kupezeka m'chipululu, ina akukwera phiri lalitali la chipale chofewa. Ngakhale mtunda wochokera kunyumba kwa Homer kukafika kuntchito umatalika kapena kufupika malinga ndi nthabwala ya tsikulo. M'sewero la mu 1998, lomwe linali la nambala 200, Homer anasankhidwa kukhala mkulu woona za zinyalala, anamwaza ndalama za chaka chonse pamwezi umodzi, n'kuyamba kulandira ndalama kuti azikwirira zinyalala za mizinda ina pansi pa tauniyo. Zitayamba kutumphuka paliponse, anthu anangonyamula nyumba zonse pamagalimoto n'kusamutsa tauni yonse mamailosi asanu. Sabata yotsatira palibe anazitchulanso.

Woonera sasochera chifukwa chimene chinakhazikika ndi anthu. Bungwe lililonse m'tauniyi lili ndi nkhope imodzi. Chuma ndi Bambo Burns, mwini fakitale ya magetsi a nyukiliya imene inachititsa kuti mumtsinje mupezeke nsomba ya maso atatu. Ndale ndi meya Quimby, wokonda ziphuphu ndi akazi. Apolisi ndi Wiggum, tchalitchi ndi Abusa Lovejoy, sukulu ndi ahedi a Skinner, bala ndi Moe. Wolemba akafuna kunyoza za chipatala kapena za makhoti safunika kuyamba kufotokoza munthu watsopano. Amangotsegula chitseko, munthu amene tikumudziwa kale n'kulowa, ndipo timayamba kuseka asanayankhule. Pa sewero la mphindi pafupifupi 22, mphindi ziwiri zopulumutsidwa chonchi ndi chuma chambiri.

Chida china ndi holo ya tauni, momwe anthu onsewa amakwanamo nthawi imodzi. Mphamvu yake imaoneka bwino m'sewero la mu Januwale 1993 lomwe analemba Conan O'Brien. Burns wagwidwa akutaya zinyalala za nyukiliya m'paki, ndipo walipitsidwa chindapusa cha madola 3 miliyoni. Anthu asonkhana kuti akambirane zochita ndi ndalamazo. Marge, mkazi wa Homer, aimirira n'kupereka ganizo lanzeru, loti akonze msewu waukulu womwe wadzaza maenje, ndipo anthu ayamba kuvomera. Pomwepo mlendo wovala chipewa, Lyle Lanley, atulukira kumbuyo kwa holo, awanyengerera ndi nyimbo kuti agule sitima yoyenda pa njanji imodzi ya m'mwamba, ndipo mosakhalitsa holo yonse ikuimba naye. Katauni kakang'ono ngati kameneka sikafuna sitima yotere n'komwe. Tsiku loitsegulira mabuleki akanika, Homer ndiye akuyendetsa, ndipo Lanley wathawa ndi ndalama. Kunena zoona, sindidziwa sewero lina lomwe linaonetsa bwino chonchi mmene gulu la anthu limatayira nzeru likamva lonjezo lokoma. Izi sizikanatheka mumzinda weniweni waukulu ngati Chicago, kumene anthu onse sangakwane m'chipinda chimodzi.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Pakuti tauni imabwerera mwakale sabata iliyonse, palibe chimene chimapweteka mpaka kalekale. Bart akadali ndi zaka 10, mlongo wake Lisa 8, khanda lawo Maggie akadayamwabe kanthu kake kam'kamwa. Meya amaba koma amasankhidwanso, ndipo mulu wa matayala ukuyakabe kunja kwa tauni. Ena amati zimenezi zinafooketsa pulogalamuyi m'zaka zapambuyo, ndipo ine ndimagwirizana nawo pang'ono: woonera akadziwa kuti palibe chidzasinthe, mtima sugundanso.

Ngakhale ilibe malo, tauniyi anaipatsa mbiri. Akuti anaiyambitsa ndi Jebediah Springfield mu 1796, ndipo chiboliboli chake chili pakati pa tauni. Mnzake wa paulendo, Shelbyville Manhattan, anapatukana naye n'kukayambitsa tauni yoyandikana nayo ya Shelbyville, chifukwa ankafuna malo amene anthu angamakwatire asuweni awo. Kwa Amereka ambiri chimenecho n'chochititsa manyazi, ndiye nthabwala yake ili pamenepo, pomwe kwathu kuno, kumene ukwati wa pachisuweni makolo ankauvomereza, munthu akhoza kudabwa kuti choseketsa n'chiyani. Matauni awiriwa amadana mpaka pa mtengo wa mandimu, umene a ku Shelbyville anauzula m'sewero la mu 1995.

M'sewero la mu 1996 Lisa anafufuza n'kupeza kuti Jebediah anali chigawenga cha panyanja chotchedwa Hans Sprungfeld, chomwe chinangosintha dzina. Tsiku la chikondwerero cha zaka 200 za tauniyo anakwera pansanja ali ndi umboni wonse, anayang'ana anthu akusangalala ndi mbendera zawo, ndipo anangonena kuti Jebediah anali munthu wamkulu n'kutsika.