Kudzidzimuka, kupanidwa kutulo, ndi maloto othawa m'mawa

Tulo tangoyamba kukubani, foni yagwera pachifuwa, kenako mwendo uja kuti thwa ngati mwaphonya sitepe kapena mwaterereka m'mbali mwa dzenje, mtima thi thi thi, amene mwagona nawo nkufunsa kuti nchiyani kodi, inu nkuti aaa palibe. Kapena zoopsa kuposa apo: maso muli nawo ndithu, denga mukuliona, neti mukuiona, koma dzanja likukana kunyamuka, mawu sakutuluka, ndipo pachifuwa ngati wina wakhazikapo thumba la simenti. Uthenga uno ndi wa zimenezo, komanso ndi wa anzathu amene amati "ine sindilota" kapena amene maloto amawathawa akangoponda pansi. Zonsezi zimachitikira malo amodzi, pamalire pa kugona ndi kudzuka, ndipo zambiri mwa izo si matenda ayi.

Tulo timayenda mozungulira

Munthu akagona sikuti wangozima ngati magetsi. Tulo timayamba topepuka, kenako tofa nato, kenako gawo lija ubongo umakhala pakalikiliki pafupifupi ngati uli maso, ndiye nkuyambiranso, ulendo umodzi kumatenga mphindi pafupifupi 90, usiku umodzi maulendo 4 mpaka 6. Gawo la kalikilikili amalitchula kuti REM, chidule cha mawu a Chingerezi oti rapid eye movement, chifukwa maso amathamangathamanga mkati mwa zikope, ndipo analitulukira mu 1953 ndi Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku University of Chicago. Mukafuna kuziona nokha yang'anitsitsani khanda likagona, zikope zimachita kunjenjemera, makanda pafupifupi theka la tulo tawo ndi ta mtundu umenewu pomwe akulufe ndi gawo limodzi mwa magawo 4 kapena 5. Maloto ataliatali okhala ndi nkhani aja ambiri amabwera nthawi imeneyi, ndipo kuti munthu asadzuke nkumathamangadi pomwe akulota kuti galu akumuthamangitsa, ubongo umayamba wazimitsa minofu ya manja, miyendo ndi khosi. Gwirani mfundo imeneyi, tibwereranso.

Kudzidzimuka kuja ngati ukugwa

Uku ndiye kwa aliyense, anthu mpaka 7 pa 10 aliwonse zimawachitikira. Minofu ikuyamba kumasuka, ubongo sunamalize kulowa m'tulo, ndiye pamakhala kakugwedezeka kamodzi, nthawi zina ndi kaloto kakafupi koti ukugwa mumtengo. Sikuti mtima waima, si BP, si khunyu. Kumachuluka ukatopa kwambiri, ukakhala ndi nkhawa, ukasuta fodya, kapena ukamwa khofi, tiyi wamphamvu, Coca-Cola ndi ma energy drink madzulo. Caffeine, chinthu chothamangitsa tulo chomwe chili m'zakumwa zimenezi, amachedwa kutuluka m'thupi, pakadutsa maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadali m'magazi, ndiye kapu ija munamwa 5 koloko madzulo kuti muwerenge, 10 koloko usiku ikadali pantchito.

Pamalire pomwepo pamabweranso tizithunzi ndi timawu. Wina amaona nkhope zosadziwika kapena timagetsi, wina amamva ngati amayi ake amuitana dzina koma m'nyumba muli zii, wina amamva ngati thupi lakula kapena bedi likuyandama. Mukakhala mwaswera kusankha mtedza tsiku lonse, mukatseka maso mumaona mtedza okhaokha, mukaswera pabawo mumaona nkhomo zikuyenda m'maenje, ndipo amene wakwerapo Ilala amadziwa kuti usiku woyamba kumtunda bedi limachita kugwedezeka ngati ukadali panyanja. Ubongo ukungobwereza zomwe waswera nazo basi. Pali kenanso kachilendo koma kosaopsa: kumva chiphokoso m'mutu, phuu ngati mfuti kapena chitseko chamenyetsedwa, osamva kupweteka kulikonse, ukafunsa ena akuti sitinamve kanthu. Madokotala amati exploding head syndrome, dzina lake ndi loopsa kuposa vuto lenilenilo.

Kupanidwa

Apa ndiye tikhalitsepo pang'ono chifukwa mpamene anthu amavutika mumtima osauza munthu. Mukukumbukira kuti nthawi yolota minofu imakhala yozimitsidwa? Nthawi zina maganizo amadzuka msanga minofu isanayatsidwe, kapena minofu imazima munthu asanagone kwenikweni. Ndiye uli maso koma thupi likadali kutulo, ndipo loto lija silinathe, limangosefukira m'chipinda momwemo. Nchifukwa chake umaona chimthunzi chaima pakhomo, kumva mapazi, kumva ngati wina wakhala pamphepete pa bedi. Kubanika kuja kumabwera chifukwa nthawi imeneyi mpweya umalowa pang'onopang'ono, minofu ya m'nthiti ili lende, ndiye ukafuna kukoka mpweya wambiri chifukwa cha mantha zimakanika, nkumamva ngati akukukanyanga pakhosi. Koma mnofu waukulu wopumira umene uli pansi pa mapapo suzimitsidwa, mpweya ukulowa ndithu. Zimatha zokha, timasekondi kapena mphindi zochepa, ngakhale kuti mwiniwake amaona ngati padutsa ola.

Dzina lake kuchipatala ndi sleep paralysis. Mu 2011 Brian Sharpless ndi Jacques Barber anasonkhanitsa kafukufuku 35 wa m'mayiko osiyanasiyana nkupeza kuti anthu pafupifupi 8 pa 100 aliwonse zinawachitikirapo, koma pakati pa ana asukulu ndi 28 pa 100, zomwe sizodabwitsa mukaganiza mmene amagonera nthawi ya mayeso, miyendo m'beseni la madzi ozizira mpaka 2 koloko. Ku Japan amati kanashibari, ku Egypt ambiri amati ndi jini, a Chiswahili amati jinamizi, aliyense amaona chomwe anakula akuchiopa. Kwathu kuno tikangoti wandipana usiku, mawu otsatira mukuwadziwa kale: afiti.

Ine sindikubwera kudzatsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu, ngati kupemphera kumakukhazikani mtima pansi pempherani, mtima ukakhazikika zimathanso msanga. Chomwe ndikukana nchakuti chimthunzi chija m'mawa chipatsidwe dzina la munthu. Ubongo wa munthu wamantha umatola nkhope yomwe ili pafupi, ndipo kawirikawiri imakhala ya agogo a nyumba yoyandikana nayo kapena azakhali amene munakangana nawo za munda. Okalamba akhala akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene chifukwa cha nkhani zoyamba ndi "ndinawaona kutulo". Ndipo lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndi mlandu.

Zikakugwirani musalimbane nazo, kulimbana kumangowonjezera mantha. Dziuzeni mumtima kuti ndi zija, zitha pompano. Yesani kugwedeza chala chimodzi chakuphazi, kapena lilime, kapena kuyendetsa maso uku ndi uku, kwinaku mukupuma modekha. Ngati mumagona awiri auzeni anzanuwo kuti akamva mukubuula akugwedezeni, kukhudzidwa kokhako nthawi zambiri kumadula zonse. Zikatha musangotembenuka nkugonanso pompo chifukwa zimatha kubwereza, khalani tsonga kaye, imwani madzi pang'ono. Ndipo chagada ndiye kagonedwe komwe zimakonda kwambiri, yesani chammbali. Zina zomwe zimaziitana ndi kugona maola ochepa, kusinthasintha nthawi yogona ngati alonda, manesi ndi madalaivala a usiku, ndi nkhawa za ngongole kapena maliro.

Nanga maloto othawa aja

Pafupifupi aliyense amalota, ngakhale amene amalumbira kuti salota, mukamudzutsa pakati pa REM nthawi zambiri amakuuzani nkhani. Vuto ndi kusunga. Nthawi yolota ubongo sulemba bwino zinthu m'nkhokwe yake, loto limagwirika pokhapokha munthu wadzuka lili mkati kapena litangotha kumene, ndipo likapanda kugwiridwa m'mphindi zochepa zoyambazo lapita ngati mame. Kusakumbukira maloto si matenda, ngati mukudzuka ndi mphamvu musadzivute. Koma ngati mukufuna kumawakumbukira njira zake nzosavuta.

Choyamba ndi kugona mokwanira, munthu wamkulu maola 7 kapena kuposerapo. Chifukwa chake nchakuti REM yoyamba imakhala yaifupi, mwina mphindi 10 zokha, koma za mbandakucha zimatalika mpaka theka la ola kapena kuposa. Ndiye amene amagona 11 koloko ataonera mpira nkudzuka 4 koloko kuthamangira minibasi kapena kumunda, gawo lomwe akudula ndi lamaloto lenilenilo.

Mukadzuka musagwedezeke. Ichi chimaoneka chopepera koma ndiye chachikulu. Khalani mmene mwadzukiramo, maso chitsekere, musayambe kuganiza za ndiwo kapena za bwana, dzifunseni kuti ndinali kuti pompano, ndinali ndi ndani. Ngati palibe chithunzi yambani ndi mmene mukumvera mumtima, mantha kaya chimwemwe kaya manyazi, nthawi zambiri kachidutswa kamodzi kamatulukira, mwina mtsinje wodzadza, mwina yunifolomu ya ku pulayimale, ndiye gwirani komweko nkumabwerera nako chambuyo, izi zisanachitike kunali chiyani, zinazo zimabwera zokha ngati mukusolola ulusi pa juzi. Kenako lembani, kope ndi cholembera zikhale pafupi ndi pilo, mawu atatu okha akwana: mtsinje, malume, njinga. Ngati kuli mdima jambulani mawu pafoni, koma chonde osatsegula WhatsApp, uthenga umodzi wa pagulu la mpingo kapena la kuntchito loto lonse lafufutika. Kuuza mnzanu m'mawa mukumwa tiyi kumathandizanso, paja makolo ankachita zomwezo. Pogona dziuzeni kuti mawa ndikumbukira zomwe ndilote, ndipo ngati alamu yanu ndi yodzidzimutsa ngati ambulansi isintheni ikhale yofatsa. Patsani sabata imodzi kapena ziwiri. Zomwe sindikulimbikitsa ndi kudzidzutsa dala pakati pa usiku, kaya ndi alamu kaya kumwa madzi ambiri pogona, mudzakumbukiradi maloto koma mukulipira ndi tulo, ndipo tulo tikachepa kupanidwa kuja kumabwera.

Mowa nawo umasokoneza. Umagonetsa msanga inde koma umapondereza REM chigawo choyamba cha usiku, ukamatha m'magazi maloto amabwera mwaukali, osokonekera, thukuta kamukamu. Amene wangosiya chamba amalotanso kwambiri kwa masabata angapo, zimadzakhazikika. Kutentha thupi, monga kwa malungo, kumabweretsa maloto achilendo. Mankhwala ena nawonso: amene ankamwa ma ARV okhala ndi efavirenz, aja a 5A, akukumbukira maloto owala ngati kanema masabata oyamba, ndipo kuyambira 2019 ambiri anasinthidwira ku 13A wokhala ndi dolutegravir, amene ena amawasowetsa tulo, nchifukwa chake amalangiza kumwa m'mawa. Mulimonsemo musasiye mankhwala panokha chifukwa cha maloto, kafotokozeni kuchipatala komwe mumalandirira.

Izi zokha musakhale nazo pakhomo

Kugwedezeka kamodzi pogona nkosiyana ndi kugwedezeka thupi lonse mobwerezabwereza, kudzuka mutadziluma lilime, mutakodza pogona muli wamkulu, mutu uli wosokonekera ndi thupi lophwanya. Izo zitha kukhala khunyu, ndipo mankhwala ake alipo. Ngati anzanu akuti mumaliza mkonono kwambiri kenako nkukhala zii osapuma nkudzidzimuka ndi befu, masana nkumangosinza, kapimitseni, vuto limeneli limayendera limodzi ndi BP. Ngati tulo timakugwirani paliponse masana ngakhale mwagona mokwanira, kapena mawondo amafooka mukaseka kwambiri, nenani. Ngati bambo kapena mayi wopitirira zaka 50 wayamba kumenya, kuponya mateche ndi kukuwa kutulo mogwirizana ndi zomwe akulota, ndiye kuti kuzimitsa minofu kuja sikukugwira, aonedwe ndi dokotala. Miyendo yonyerenyetsa usiku yomwe imafuna uziyigwedeza kuti upeze mtendere, makamaka kwa amayi oyembekezera, nthawi zambiri imayenda ndi kuchepa kwa ayironi, kayezetseni magazi.

Maloto oopsa obwerezabwereza pambuyo pa ngozi, kugwiriridwa, kuberedwa ndi zigawenga kapena madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu March 2023, mpaka munthu kumaopa kugona, amenewo si ofunika kuwakumbukira kwambiri, ndi ofunika thandizo. Funsani namwino wa zamaganizo pachipatala cha boma cha m'boma lanu, kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Njira imodzi yomwe amaphunzitsa ndi kulitenga lotolo masana, kulisintha mathero ake kukhala ena, nkumalibwereza m'maganizo mphindi zingapo tsiku lililonse.

Ndipo nyengo yozizira ya June ndi July, mukamva chizungulire, mutu kuwawa, nseru ndi kufooka kwachilendo mutagona ndi mbaula m'nyumba yotseka, kumeneko si kupanidwa ndipo musadikire kuti zithe zokha. Ndi mpweya wa poizoni wa makala, suoneka komanso sununkha. Tsegulani chitseko ndi mawindo, tulutsani aliyense kuyambira ana, mbaula panja, ndipo amene sakudzuka bwino muthamangire naye kuchipatala usiku womwewo.