Si Ukalamba Chabe: Musachedwe Kupita ndi Agogo Kuchipatala

Pali mawu amene achipatala timawamva kawirikawiri achikulire akabwera atafooka kale: "Timaganiza kuti ndi ukalamba basi." Mawu amenewa akupha anthu. Ukalamba si matenda, ndipo munthu wa zaka 70 akasintha mwadzidzidzi, pali chimene chamusintha.

Okalamba akuchuluka padziko lonse. Malinga ndi bungwe la zaumoyo la WHO, mu 2020 anthu a zaka 60 kapena kuposerapo anali 1 biliyoni, kuposa ana osakwana zaka 5. Pofika 2050 adzakhala 2.1 biliyoni, ndipo ambiri adzakhala m'mayiko amene akutukuka kumene. Zifukwa zake n'zodziwika: ana ambiri akupulumuka, mabanja akubereka ana ochepa, anthu akukhala ndi moyo wautali. Chodetsa nkhawa ndi liwiro lake. Ku France zinatenga zaka pafupifupi 150 kuti achikulire achoke pa 10 peresenti kufika pa 20 peresenti ya anthu onse, pomwe ku Brazil, China ndi India zitenga zaka zongopitirira 20. Mayiko osauka alibe nthawi yokwanira yokonzekera, choncho banja ndi lomwe liyenera kukhala tcheru.

Matenda ofala pa msinkhu umenewu ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, matenda a mtima, kupweteka kwa mfundo ndi ng'ala. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka. Munthu amadya, amagwira ntchito, amaseka, kuthamanga kwa magazi kutakwera kufika pa 140/90 kapena kupitirira. Njira yodziwira ndi imodzi yokha: kuyezetsa. Amene anapatsidwa mankhwala asawasiye chifukwa choti akupeza bwino. Akupeza bwinowo ndi mankhwalawo.

Tsopano mvetsetsani apa. Agogo akapotoka kamwa, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, mawu akayamba kutuluka mosamveka, imeneyo ndi sitiroko. Si ukalamba. Musawagoneke kuti muone mmene kuchere, musadikire mwana amene ali kutali kuti adzapereke chilolezo. Ubongo ukasowa magazi umawonongeka mphindi iliyonse, ndipo thandizo limaphula kanthu kwambiri m'maola oyambirira. Musawakakamize kudya kapena kumwa, angatsamwe. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, pitani nawo tsiku lomwelo, chifukwa nthawi zambiri limakhala chenjezo la sitiroko yaikulu.

N'chimodzimodzinso ndi kusokonezeka maganizo. Agogo amene dzulo amacheza bwinobwino, lero sakuzindikira adzukulu awo, akuyankhula zosagwirizana kapena akungogona, sanakalambe usiku umodzi. Kawirikawiri ndi chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena shuga wotsika, ndipo zonsezi zimachizika. Chimene chimapusitsa mabanja n'chakuti okalamba amatha kudwala kwambiri thupi osatentha n'komwe. Matenda oiwalaiwala ndi osiyana ndi zimenezi: amabwera pang'onopang'ono, pa miyezi kapena zaka, koma nawonso amafunika achipatala, osati kunyozedwa kapena kutsekeredwa m'nyumba.

Nanga maso? Angati akukhala pakhonde osaona, akumauzidwa kuti ndi mmene ukalamba umakhalira, pomwe ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi? Munthu wosaona bwino amagwa, ndipo wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno, nthawi zambiri kuyenda kumathera pomwepo.

Kuchedwa kumeneku sikupweteka wodwala yekha. Agogo akagona pamphasa kwa zaka, wina amasiya ntchito kuti aziwasamalira, ndipo kawirikawiri amakhala mayi kapena mtsikana amene amayenera kukhala m'kalasi. Ndalama za sukulu zimathera ku mankhwala. Ana amene agogowo amawalera amasowa wowayang'anira. N'chifukwa chake bungwe la United Nations linapatula zaka za 2021 mpaka 2030 kuti zikhale zolimbikitsa kukalamba ndi thanzi: chitukuko sichingakhalitse ngati mabanja akusauka ndi matenda opeweka.

Ayezetseni kuthamanga kwa magazi ndi shuga ngakhale asakudwala. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe sakwana n'komwe sipuni yaing'ono yodzaza. Aziyenda, azimwa madzi, asiye fodya. Koma akasintha mwadzidzidzi, musatsegule pakamwa kunena kuti ndi ukalamba. Nyamukani nthawi yomweyo, mutenge mankhwala onse amene amamwa, ndipo mukauze achipatala nthawi yeniyeni imene zizindikirozo zinayamba.