Magalamu 5 a mchere patsiku: mafunso ndi mayankho

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya mchere wosafika magalamu 5 patsiku, womwe sudzaza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Ambiri timangomva kuti mchere umakweza BP, koma zenizeni zimachitikira m'maselo, tinthu ting'onoting'ono kwambiri tomwe timapanga thupi lathu.

Bwanji ena amati magalamu 5, ena n'kumati 2?

Onse akunena chimodzimodzi. M'magalamu 5 a mchere muli pafupifupi magalamu 2 a sodiyamu, ndipo wovuta ndi sodiyamuyo. Powerengera musaiwale mchere umene umabwera kale m'zakudya za m'mapaketi ndi m'zitini.

Kodi sodiyamu amakweza bwanji kuthamanga kwa magazi?

Njira yodziwika ndi ya madzi. Kumene sodiyamu wapita, madzi amatsatira. Impso zikalephera kutaya yense wotsala, madzi amachuluka m'mitsempha ndipo mtima umapopa katundu wochuluka.

Njira ina ndi imene ine imandichititsa chidwi. Pakhungu la selo iliyonse pali timapampu tomwe sitipuma usana ndi usiku. Kapampu kamodzi kakagwira ntchito, kamatulutsa tizigawo 3 ta sodiyamu n'kulowetsa 2 ta potaziyamu, mtundu wina wa mchere wa m'thupi. Anatulukira timapamputi mu 1957 ndi Jens Christian Skou wa ku Denmark, ndipo analandira nato mphoto ya Nobel mu 1997. Chifukwa cha ito, sodiyamu amakhala wambiri kunja kwa selo koma wochepa mkati, choncho nthawi zonse amafunitsitsa kulowa. Selo imadyerera pomwepo: ili ndi kakhomo kena kamene kamalowetsa tizigawo 3 ta sodiyamu posinthana ndi kamodzi kotuluka ka kashiyamu, yemwe timamudziwa polimbitsa mafupa. Ndiye sodiyamu akayamba kuunjikana mkati, msinthowu umafooka, kashiyamu n'kutsalira. Mordecai Blaustein wa ku America anafotokoza mu 1977 ganizo lakuti mchere ndi BP zimalumikizana pamenepa.

Nanga kashiyamu akatsalira m'selo, cholakwika n'chiyani?

Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi tinakulungidwa ndi minofu yomwe imafinya kapena kumasuka popanda ife kudziwa. Woilamula kuti ifinye ndi kashiyamu. Akalowa m'selo amagwirana ndi puloteni yotchedwa calmodulin, imene imadzutsa timaulusi tokoka, mtsempha n'kuning'a. Taganizirani payipi yothirira madzi mutaitsina kukamwa ndi chala: madzi ndi omwewo, koma amatuluka mwaukali. M'mitsempha kuning'a pang'ono kumabala zambiri, pakuti njira ikachepa ndi theka, mphamvu yofunika kukankha magazi omwewo imawirikiza ka 16. Mtima ndiwo umalipira.

Ndiye ndisiye mkaka ndi zakudya zina za kashiyamu?

Ayi, musatero. Kashiyamu wa m'chakudya amapita kumafupa ndi m'magazi, ndipo thupi limamuyang'anira mosamala kudzera m'mahomoni ndi vitamini D. Amene amafinyitsa mitsempha ndi wa mkati mwa selo, yemwe ndi wochepa pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi wakunja. Nkhani ili pa timakhomo, osati pa mbale yanu.

Mankhwala a BP amagwira pati?

Amlodipine ndi nifedipine amatseka timakhomo tolowera kashiyamu, mitsempha n'kumasuka. Ena amatupa nawo mapazi. Hydrochlorothiazide amachititsa impso kutaya sodiyamu mumkodzo, n'chifukwa chake ambiri amangoti mankhwala okodzetsa. Womwa mapiritsi amenewa kwinaku akuthira mchere wodzaza dzanja akulimbana ndi mankhwala ake omwe.

Potaziyamu akubwera pati?

Amathandiza impso kutaya sodiyamu. WHO imati wamkulu azipeza mamiligalamu osachepera 3,510 patsiku, makamaka kuchokera m'zipatso ndi masamba. Koma wodwala impso ayambe wafunsa dokotala, chifukwa potaziyamu akachulukitsa m'magazi amasokoneza kugunda kwa mtima.

Ine ndimadya mchere wambiri koma sindimva kanthu. Lamuloli likundikhudza?

Matupi amasiyana ndithu. Okalamba ndi odwala impso ndiwo BP yawo imakwera msanga ndi mchere. Koma kusamva kanthu si umboni, poti matendawa nthawi zambiri sapweteka mpaka atabweretsa sitiroko kapena kuwononga impso. Kayezetseni. Makina akaonetsa 140/90 kapena kuposa pamasiku awiri osiyana, imeneyo ndi BP yokwera.